Sindichoka, Galu wa a Lucrécia

Ku Domwe, kumtunda kwa msika wa kachewere, kuli mayi ena amene anakhala zaka makumi atatu osawayankha alamu awo ndi pakamwa, koma alamuwo n'kumawonda nawo ndithu. Dzina lawo ndi a Lucrécia Sankhani. Mukawaona akutuluka m'tchalitchi, duku kumutu, korona m'manja, mungati ndi munthu woti ngakhale nkhuku sangaikalipire. Musanamizike. A Lucrécia amalankhula, ndipo amalankhula zolasa, kungoti mawu awo amadzera pa galu.

Anabadwira ku Lifidzi. Sukulu anaisiyira kalasi yachinayi, ndipo nkhondo itafika anathawira tsidya la Dedza ali namwali, mtolo kumutu. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi Tomás, mnyamata wa ku Domwe, wamtali, wofatsa, wokonza mawailesi ndi njinga. Mtendere utabwera Tomás anawatengera kwawo, pakuti a kwa Tomás amalowola, mkazi amatsata mwamuna. Tsiku lonyamuka amayi awo anangowauza chinthu chimodzi: "Kumene ukupitako, pakamwa uzitseka. Mtengwa sayankha."

Kutseka anatsekadi. Koma kwathu kuno galu sapatsidwa dzina lamasewera. Munthu akakhala ndi mawu amene sangathe kumuuza mnzake pamaso, amawapatsa galu, kenaka m'mawa uliwonse amaima pakhomo n'kuwafuula mudzi wonse ukumva. Ndiye mumuimba mlandu wanji? Akuitana galu wake.

Apongozi aakazi ndiwo anayamba. Ankanena kuseri, pamtondo ndi kuchitsime, kuti mtengwa wa ku Lifidzi ndi waulesi, mizere yake ndi yokhota. A Lucrécia anakapempha kagalu kwa anansi n'kukatcha Ndamva. "Ndamva! Ndamva iwe, bwera kuno!" Apongozi anatsamwa ndi phala, miseche n'kuyamba yaima.

Wovuta kwenikweni anali a Arcanjo, mkulu wawo wa a Tomás. Nyumba zawo zinkayang'anizana, pakati pali kakhwawa. Bambo wamfupi, wa mawu aakulu, woti ngakhale popereka moni amakhala ngati akugamula mlandu. A Lucrécia atabereka mwana wachitatu, wamkazi ngati awiri oyambawo, a Arcanjo sanawoloke n'komwe kudzaona khandalo. Anangofunsa ali tsidya, "Wamkazinso?" Galu wotsatira anatchedwa Nayenimwana. Anakhala zaka khumi ndi chimodzi galu ameneyo, ndipo kamtsikanako kanakula kakumva tsiku ndi tsiku amake akufuula pakhomo kuti naye ndi mwana.

A Tomás zimenezi sankazifuna. "Amake Ilda, mayina anuwa andidanitsa ndi abale anga," ankatero, pakuti mwana wawo woyamba ndi Ilda. Galu aliyense iwo ankamupatsa dzina lawolawo la Chipwitikizi, moti pakhomopo galu ankakhala ndi mayina awiri, ngakhale ankavomera la amene amamupatsa madeya. Anali munthu wabwino a Tomás, sanawamenyepo akazi awo, mowa ankangolawa. Koma pamaso pa mkulu wawo ankasungunuka ngati mchere pamvula. Zaka zonsezo sanaimepo ngakhale kamodzi n'kunena kuti, "Achimwene, mkazi wangayu musiyeni." A Lucrécia ankawakonda, inde, koma chimenechi chinkawawawa, ndipo sanachikhululuke.

M'chaka cha 2021 a Tomás anayamba kutupa miyendo ndi kupuma mobanika. Posakhalitsa nkhani inafika kuchokera ku mowa kuti a Arcanjo anena poyera: "Uyu wa ku Lifidzi akukhalira Tomás pano. Akangotsinzina mng'ono wangayo, anyamule miphika yake azipita." A Lucrécia sanalire, sanakafunse. Sabata yomweyo anabwera ndi kagalu kofiira, koyera pachifuwa, khutu limodzi logwa. M'mawa mwake anaima pakhomo, nkhope kuloza tsidya la khwawa.

"Sindichoka! Sindichoka!"

A Tomás anatuluka akutsimphina. "Ili ndiye ayi, amake Ilda. Dzina ili m'kamwa mwanga silidzatuluka. Uyu ndi Leão."

"Muitaneni mmene mukufunira," anatero a Lucrécia. "Ine ndamutcha kale."

Kagalu kaja kanakula n'kukhala galu weniweni. M'mawa ankawaperekeza a Lucrécia kudimba, ndipo mbuzi ndi nkhumba za anthu zinaphunzira kuti kachewere wa pamenepo sadyedwa. Masana ankabwerera yekha kukagona pansi pa mpando wa a Tomás, amene tsopano ankangokhala pakhonde, kumasula mawailesi akufa kale. Ankamuponyera nyenyeswa n'kumamuti Leão. Galuyo ankadya nyenyeswazo, koma dzinalo ankangolimva ngati mphepo.

Chaka chotsatira, nthawi ya fumbi, anthu a katemera wa chiwewe anabwera ndi chatsopano. Tekinika, mlangizi wa ziweto wochokera ku Ulongwe, mtsikana wotchedwa Sílvia, analengeza kuti agalu a midzi ya m'malire, pambali pa katemera, awaikanso chipi: kanthu kang'ono ngati njere ya mpunga, kolowa pansi pa khungu la pakhosi, kokhala ndi numeru yoti makina akaiwerenga, galu amadziwika dzina lake, mwini wake ndi tsiku limene anabayidwa. Koma anthu! Mawuwo pofika kumapeto kwa mudzi anali atasanduka chipisi. A Serafim, mlenje wa kuseri kwa phiri, anabwera ndi agalu awo anayi osawadyetsa kuyambira dzulo lake, ati akakhute za boma, ndipo ataona chisingano anatukwana n'kubwerera. Ena ankati ndi mphini za azungu. Ena ankati galu akaikidwa kachipiko, boma lizimva zonse zimene mukulankhula m'nyumba. Ambiri anabayitsa katemera yekha n'kuthawa.

Tsikulo a Lucrécia anali kudimba, kukumba kachewere, galimoto ya ogula ikudikira kumsewu. A Tomás, amene chilichonse chokhala ndi batire chinkawakoka mtima, anatenga galu n'kupita naye okha, kuyenda pang'ono n'kupuma, kuyenda pang'ono n'kupuma. Masana atabwerako, a Lucrécia anapapasa pakhosi pa galuyo n'kumva kanjere kakuthawathawa pansi pa chala.

"Ndiye kameneka?"

"Ee. Akuti sikachoka mpaka galu kufa."

"Nanga kartau, khadi la katemera lija? Anzanu awapatsa kartau."

"Yagwa panjira," anatero a Tomás, maso ali pa wailesi.

A Lucrécia sanafunsenso. Afunsirenji? Ankadziwa zimene zalembedwa kumeneko: mwini wake Tomás, galu Leão. Anatsonya n'kupita kukasamba matope.

A Tomás anamwalira mvula ili pakati. Tsiku lometa, a Arcanjo anakhala pampando pabwalo n'kuyamba kuitana katundu wa malemu ngati mphunzitsi akuitana mayina m'kalasi. Mala, sutikesi ya zovala ija, inatuluka, njinga inatuluka, bokosi la zitsulo, ng'ombe ziwiri ndi ngolo yake. A Lucrécia anali pamphasa atavala zakuda, mutu pansi.

"Ndi Leão," anamaliza a Arcanjo.

"Galu ndi wanga, alamu."

Azimayi anayang'anana, pakuti anali asanamvepo mayiwa akuwayankha alamu awo maso ndi maso. A Arcanjo anaseka kaseko kouma. "Mkazi anakhalapo ndi galu liti? Galu ndi wa mng'ono wanga. Ndinamuona ndi maso angawa akupita kukamulembetsa." Palibe anatsutsa, chifukwa onse anawaonadi a Tomás tsiku lija.

Anamukoka galuyo kumuwolotsa khwawa. Katatu konse anatafuna chingwe n'kubwerera kudzagona pakhomo pa a Lucrécia. Kachinayi a Arcanjo anamumanga ndi waya pa mtengo wa mapichesi. Ndipo m'mawa mwake, taonani nkhanza zake, bamboyo anasonyeza kuti zaka zonsezo ankaphunzira mwakachetechete. Anaima pakhonde, manja m'chiuno, nkhope kuloza tsidya lino.

"Pitakwanu! Pitakwanu iwe, idya apa!"

A Lucrécia anapsa mtima koopsa. Anatuluka chipande chili m'manja n'kukuwa, "Sindichoka!" Galu anadumpha mpaka waya kumugwetsa chagada. Mawa lake chimodzimodzi. Mudzi unkadzuka ndi zimenezo, uku Pitakwanu, uku Sindichoka, anthu akusekera m'nyumba zawo.

Koma tsiku lachisanu, a Arcanjo ndi akazi awo ali kumunda, a Lucrécia anawoloka ndi madeya m'mbale, n'kuona zimene mawu awo ankachita. Nthawi iliyonse akaitana, galu ankakoka, ndipo waya anali atadya khosi lonse mozungulira, nyama yofiira ili poyera, ntchentche zikuunjikana. Galuyo anawanyambita dzanja. Anayesa kumasula, koma wayayo anali wopotedwa ndi alikate, chitsulo chopotera ndi kudulira waya, alikate ya a Tomás yomwe ija ya m'bokosi. Ndipo akanamumasula, akanatchedwa wakuba m'mudzi wa eni. Anang'amba kansalu, n'kukakulunga pa waya, n'kubwerera kwawo.

Kuyambira tsiku limenelo a Lucrécia anasiya kuitana. Ee, anasiya. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni ku Domwe, pakhomo pawo m'mawa pankakhala phee, ndipo chinkamveka ndi Pitakwanu yekha, miyezi isanu ndi umodzi. Mbuzi zinabwerera m'dimba. Anthu anati mayi aja agonja. Ilda anaimba telefoni kuchokera ku Tete kumene amaphunzitsa. "Amayi, mukuvutikiranji? Bwerani kuno, nyumba ilipo."

"Galu wanga ali pa waya," anayankha a Lucrécia. "Ndikachoka ndiye kuti dzina lake linali bodza."

Fumbi litabweranso, kunamveka kuti a katemera afika Lachitatu pabwalo la sukulu. A Arcanjo anauza aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe, kuti akamulembetsa galuyo m'dzina lawo, la Leão likafufutidwa, m'buku la boma mukalowa Pitakwanu. Lachiwiri lonse a Lucrécia anakhala pakhonde akupota chingwe cha khonje pantchafu.

Lachitatu m'mawa a Arcanjo anatsogola, akukoka galu pa waya, nthiti zake zikuwerengeka. Kumbuyo kwawo, kamtunda pang'ono, kunali a Lucrécia ndi zakuda zawo, chingwe chopanda galu chikulendewera m'dzanja. Azimayi pamsika anasiya kuunjika kachewere. "Amake Ilda, mbuzi yathawa?" wina anafunsa, anzake n'kuseka. Iwo osatembenuka. Mumtima munali mantha, tisanamizane. Umboni analibe. Ankadziwa kuti makina akanena za Tomás ndi Leão, iwo n'kubwerera ndi chingwe chawo anthu akuwaloza. Koma kuti Pitakwanu alowe m'buku iwo atakhala kunyumba, zimenezo ayi. Ngati n'kugonja, akagonjera pomwepo, ataima.

Pabwalo la sukulu panali chipwirikiti, agalu akuuwana, eni ake akukalipirana. Sílvia anali pa meza, katebulo kolemberapo, pansi pa bulugamu. Ataona khosi la galuyo, nkhope inasintha.

"Bambo, waya uyu wamanga ndani?"

"Ndi wothawathawa ameneyu," anatero a Arcanjo. "Anali wa malemu mng'ono wanga, Tomás. Tsopano mulembe ine, Arcanjo. Dzina lake Pitakwanu."

"Galuyo ndi wanga," anatero a Lucrécia kumbuyo kwawo, mokweza, osabwerera. "Ndinamulera ndine, ndinamutcha ndine."

"Mwamva? Ndi zimene ndimakhala nazo zimenezi," a Arcanjo anauza anthu. "Werengani makina anuwo, dona, amve yekha."

Sílvia anatenga makina aja, ooneka ngati tochi yophwatalala, n'kuwayendetsa pamwamba pa khosi. Analira kamodzi, pii! Anakopera numeru ija mu telefoni n'kudikira. Anthu anasendera pafupi. A Lucrécia anakulunga chingwe padzanja mpaka zala kuchita dzanzi.

"Mwini wake," Sílvia anawerenga, "Lucrécia Sankhani."

"Ati ndani?" anafunsa a Arcanjo.

"Lucrécia Sankhani. Dzina la galu…" Anayandikitsa telefoni kumaso. "Sindichoka."

Galu anadzutsa mutu n'kulira kakulira kowonda, mchira ukumenya fumbi. Miyezi yonse ija anali asanalimve dzinalo. Wina kumbuyo anangoti, "Eee!"

"Makina alakwa!" a Arcanjo anakuwa. "Mng'ono wanga dzina limenelo sankalitchula!"

"Kwa ine analitchula," anatero Sílvia. "Ndawakumbukira tsopano, bambo aatali, otupa miyendo. Poyamba anati mwini wake Tomás, galu Leão, ine n'kulemba. Kenaka anandifunsa ngati kachipiko kamatha kapena kugwa. Ndinawauza kuti sikachoka. Anayang'ana galuyo, mzere ukudikira, ndiye anati, 'Fufutani, mwananga. Ngati n'zosachoka, lembani zoona.' Dzina la galulo anandiuza kawiri, chilembo ndi chilembo, kuti ndisalakwitse."

A Arcanjo analoza khosi la galuyo. "Ndiye kachotseni kameneko!"

"Sikachoka, bambo."

Apa ndiye bwalo linaphulika. A Serafim, amene chaka chino anabwera agalu awo atadya, anaseka mpaka kukhala pansi pafumbi. Sílvia sanaseke nawo. Anadikira phokoso lichepe, n'kunena kuti chimene chingasinthe ndi za m'buku zokha, ndipo wosintha ndi mwini galu, palibenso wina. Kenaka anatembenuka.

"Mayi, dzina tisinthe?"

"Lisiyeni," anatero a Lucrécia.

Wokonza mota, njinga zamoto, wa pafupi ndi sukulu anabwereketsa alikate. Sílvia anadula waya, anatsuka bala ndi mankhwala, anabaya katemera, n'kulemba kartau yatsopano. A Lucrécia anaipinda n'kuimanga pa mfundo ya nsalu. Anayang'ana chingwe chawo chija, anayang'ana khosi la galu, n'kuchisiya pa meza pomwepo. A Arcanjo anatsala ataima ndi waya m'manja, osadziwa kuti autaye kapena apite nawo.

Misozi inabwera panjira, atadutsa msika, pamene panalibe woona. Inabwera pamodzi ndi ukali. "Bambo a Ilda, munthu woipa inu!" ankatero mokweza, akuyenda. "Kartau yagwa panjira, eti? Zaka makumi atatu ine ndikudikira kuti mutsegule pakamwa, inu n'kukalankhulira pakhosi pa galu! Munaphunzira kwa ndani zimenezo?" Anaima. Funso lawo lomwe linawayankha, ndipo anaseka akulira, atagwira pachifuwa, galu akuwayang'ana ndi khutu lake logwa lija.

Pofika pakhwawa dzuwa linali pamutu. Akazi a alamu awo ndi azilongo awo a malemu anali pakhonde tsidya lija, akutongola chimanga, ndipo ataona galu akubwera wopanda waya, manja anaima. A Lucrécia anakwera pakhomo pawo, anapukuta maso ndi nsonga ya duku, n'kutembenukira tsidya. Galuyo anali pomwepo, pamapazi pawo, mphuno ikugunda nsalu, panalibe chomuitanira. Koma anamuitanabe, katatu konse, mpaka a kumsika anamva.